Mwana wanga akuti ndisiyire AI zochita zanga za tsiku ndi tsiku, kodi ndivomere?

Funso: "Ndine mayi wa ku Ndirande mumzinda wa Blantyre. Ndili ndi okala pakhomo, ndine msungichuma wa banki mkhonde yathu, komanso ndimasamalira mayi anga okalamba omwe ali ndi shuga ndi BP. Mutu umandizungulira. Pena ndimaiwala kuwapatsa mapiritsi amadzulo, pena magetsi amatithera pakati pa usiku chifukwa sindinagule mayunitsi, ndipo buku la ngongole za pa okala ladzaza ndi zofufutafufuta. Mwana wanga yemwe ali ku Johannesburg wanditumizira foni yatsopano. Akuti ndiziuza AI zonse, iyo izindikumbutsa, izindiwerengera, ngakhale kundilipirira mabilu. Anzanga a ku tchalitchi akuti zimenezi n'za akuba, ena akuti n'zausatana. Chingerezi changanso n'chochepa. Kodi ndiyambe kapena ndizitaye?"

Yankho:

Mayi, mtima m'malo. Kuiwala mukunenaku si kusasamala ayi. Mwasenza ntchito za anthu atatu muli nokha, ndiye zina ziyenera kumagwa basi. Mwana wanu waganiza bwino, ndipo foniyo ingakupepukitsireni katundu ndithu. Anzanu a ku tchalitchi nawonso musawanyoze, chifukwa pa za akubazo ali ndi mfundo. Zausatana ndiye palibe. AI ndi mapulogalamu a pa foni ndi makompyuta opangidwa ndi anthu m'makampani odziwika, ndipo bandulo ikatha nawo amangoti zii.

Ndakhala zaka zambiri ndikuphunzitsa amalonda ang'onoang'ono, aphunzitsi ndi magulu a amayi kagwiritsidwe ntchito ka mafoni ndi makompyuta, ndipo zomwe ndaona zandifikitsa pa mfundo imodzi yomwe ndikufuna muigwiritse. AI muilole ikukumbutseni, ikulembereni, ikufotokozereni zovuta kumva. Koma ndalama isagwire, ndipo za mankhwala isagamule. Zina zonse zomwe ndinene zikuchokera pamenepa.

Tiyambe ndi kusiyanitsa, chifukwa zomwe mwana wanu akuzitchula ndi dzina limodzizo si chinthu chimodzi. Pali othandizira akale a m'mafoni, monga Siri yomwe inabwera pa iPhone mu 2011 ndi Google Assistant ya mu 2016. Amenewa amangomvera lamulo lalifupi: ndidzutse 5 koloko, imbira uje. Kenako kumapeto kwa 2022 kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT, yomwe mumacheza nayo ngati munthu, n'kukulemberani kalata kapena kukufotokozerani nkhani. Anzake ndi Gemini, Claude ndi Copilot, ndipo mu April 2024 kampani ya Meta inaika yake m'kati mwa WhatsApp, Malawi ali m'gulu la mayiko oyambirira mu Africa kuilandira. Mwina mwaonapo kale kachizindikiro ka Meta AI pa WhatsApp yanu. Zatsopano kwambiri ndi zomwe zinayamba kufala mu 2025, zomwe sizingoyankha chabe koma zimachita: zimatsegula masamba a pa intaneti pazokha, kudzaza mafomu, kugula katundu m'dzina lanu. Za kulipira mabilu zomwe mwana wanu akunena zili m'gulu lomalizali, ndipo ndi lomwe ndikuletseni.

Mmene zimagwirira ntchito n'zofunika muzidziwe pang'ono. ChatGPT ndi anzakewo anadyetsedwa zolembedwa zochuluka zedi, mabuku, nyuzipepala, masamba a pa intaneti, mpaka anaphunzira kulosera mawu oyenera kutsatira mawu anzake. Mukafunsa, sapita kukatsegula kabati ya mayankho otsimikizika. Amaluka yankho pomwepo, liwu ndi liwu, motsatira zomwe zimamveka zoyenera. Kawirikawiri lolukidwalo limakhala loona. Koma likakhala labodza limatulukanso mosadodoma, ndi ulemu womwewo, ndi chidaliro chomwecho. Ili ngati mnyamata wochenjera yemwe wangofika kumene pakhomo panu, wowerenga kwambiri, wosatopa pomutuma, koma woti pakamwa pake sipatuluka msanga mawu oti "sindikudziwa". Wotereyu mumamutuma ndithu, koma chenji mumawerenga, ndipo kiyi wa kuchipinda simumupatsa. Musaganize kuti amene amapusitsika ndi osaphunzira okha. Mu 2023 ku New York maloya anapereka kubwalo la milandu zikalata zotchula milandu yakale yomwe ChatGPT inangopeka, ndipo woweruza anawalipiritsa chindapusa cha madola 5,000.

Tsopano mapiritsi a mayi, popeza ndi pomwe pali moyo. Apa chomwe mukufuna si AI yapamwamba. Ndi alamu ya m'foni momwemo, yomwe siidya bandulo ndipo imalira ngakhale netiweki itathawa. Tsegulani pomwe pali wotchi, ikani nthawi yomwe achipatala anakuuzani, sankhani kuti izilira tsiku lililonse, ndipo pa malo olemba dzina lembani mawu omveka, monga "Mapiritsi a amayi, madzulo". Ikaninso ina yotsatira patapita mphindi 15, chifukwa yoyamba idzakupezani mukupimira kasitomala mafuta ophikira, mudzaizimitsa n'kunena kuti ndipita pompano, ndiye kuiwala kwake n'komweko. Pakhoma pafupi ndi pomwe mumasunga mankhwala matani pepala la masiku a mwezi ndi cholembera chomangirira pa chingwe. Mukawapatsa, chongani. Alamu imakuuzani kuti nthawi yakwana, koma siidziwa ngati mayi amezadi, ndipo tsiku lomwe mwana wa m'nyumba wawapatsa inu muli kumsika, pepala ndi lomwe lingaletse kuti amwe kawiri.

Tsiku la kiliniki liikeni pa kalendala ya m'foni, ndipo muuze kuti ikukumbutseni kutatsala masiku awiri, kuti ya minibasi ipezeke komanso mupeze wokhala pa okala. Mwana wanu angathe kulumikiza kalendalayo ndi yake kuti chikumbutso chizifika kwa nonse. Nthawi ya ku Johannesburg ndi ya kuno n'chimodzimodzi, ndiye palibe chosokoneza. Ineyo ndimakonda njira imeneyi kuposa zonse, chifukwa mwana amene ali kutali amapeza gawo lenileni pa chisamaliro cha agogo ake, osati kutumiza ndalama kokha.

Pomwe ChatGPT kapena Meta AI ingakuthandizeni pa za matendawa ndi kukonzekera kukaonana ndi adokotala. Ambirife tikalowa m'chipinda muja, pamzere anthu atadzaza kunja, mafunso onse amauluka. Usiku wake iuzeni kuti mukuperekeza munthu wachikulire wa shuga ndi BP, wakhala akudandaula chizungulire m'mawa ndi dzanzi kumapazi, ikuthandizeni kusanja mafunso asanu ofunsa achipatala. Imachita bwino kwambiri zimenezi. Ingathenso kukufotokozerani mawu a Chingerezi olembedwa pa paketi ya mankhwala. Pa zakudya, mukangoifunsa chisawawa idzakutchulirani zinthu za m'mashopu a ku Ulaya. Iuzeni zomwe muli nazo: mgaiwa, nyemba, bonongwe, chisoso, usipa, mbatata. Zomwe yanenazo kazitsimikizeni kwa anamwino a ku kiliniki ya shuga.

Koma ikadzakuuzani kuti onjezerani piritsi, chepetsani, siyani awa, kapena phatikizani ndi mankhwala azitsamba akutiakuti, musachite. Iyo sinawayeze mayi, siidziwa mmene impso zawo zilili, ndipo ikalakwitsa siidzabwera kudzakhala nanu pa benchi ya kuchipatala. Ndipo pali nthawi zomwe foni muyenera kuigwiritsa ntchito poitana galimoto basi. Mayi akapotoka pakamwa, mbali imodzi ya thupi ikafooka, akayamba kulankhula zosamveka, akamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika, thamangani nawo kuchipatala nthawi yomweyo. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka atamwa mankhwala a shuga osadya, achipatala amalangiza kuwapatsa chotsekemera ngati ali maso ndipo akutha kumeza, kenako n'kupita nawo. Pa mafunso osafulumira, kuli Chipatala cha pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo tsopano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Mukaimbako foni mumalankhula ndi munthu wophunzira zaumoyo, m'Chichewa.

Za magetsi n'zachidule. Ikani chikumbutso cha Lamlungu lililonse madzulo choti muone mita. Lembani mayunitsi otsala sabata ino ndi sabata yamawa, ndipo mudzadziwa kuti nyumba yanu imadya angati pa sabata. Mukatero mudzadziwa tsiku logula asanathe.

Buku la pa okala ndi pomwe AI ingakusangalatseni, komanso pomwe ingakupunthwitseni mwakachetechete. Mukhoza kujambula tsamba la ngongole, n'kuiuza kuti ikusanjireni bwinobwino: dzina, tsiku, katundu, ndalama, zotsala. M'kanthawi kochepa chisokonezo chija chimasanduka mizere yooneka bwino. Vuto n'lakuti zolemba pamanja imaziwerenga molakwika nthawi zina. Ndinaonapo pa maphunziro ena mayi wogulitsa zinthu za pa golosale atajambula tsamba lake, pomwe 1 wake amamulemba ndi kamchira. Ngongole ya K1,500 inatuluka K7,500, ndipo mzere wonse wophatikiza unaoneka waudongo moti palibe akanakayika. Tinaigwira chifukwa mwini wake ankakumbukira kuti munthuyo anangotenga sopo ndi mchere. Tangoganizani akanapita kukaitanitsa K7,500 kwa mnansi wake. Choncho buku lanu musalitaye. Likhale mwini nkhani, foni ikhale yothandizira, ndipo zophatikiza muzizibwereza pa kakyuleta. Mapulogalamu olosera mawuwa masamu amawatha nthawi zambiri, koma kakyuleta ndiye salakwitsa.

Musaifunsenso mitengo. Siidziwa kuti paketi ya shuga ikugulidwa zingati lero mumsika wa Ndirande kapena ku Limbe. Zambiri zomwe inaphunzira n'zakale, ndipo inu mukudziwa mmene mitengo yasinthira chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse mu November 2023. Koma mukaipatsa mitengo inuyo, monga mtengo wooda katoni, ya transipoti ndi kuchuluka kwa zomwe zili m'katonimo, idzakuthandizani kuona phindu lenileni pa chinthu chimodzi. Ambiri omwe ndawaphunzitsa amadzidzimuka apa, akazindikira kuti katundu wina amene amayenda kwambiri amangowatopetsa chabe.

Pa banki mkhonde ndiye chenjerani kawiri, chifukwa ndalamazo si zanu nokha. Mphamvu ya gulu lotere ndi yoti zonse zimachitika poyera: ndalama zimawerengedwa pamaso pa aliyense, buku limawerengedwa mokweza. Musalole foni ilowe pakati pa inu ndi chikhulupiriro chimenecho. Tsiku lomwe mudzanene kuti "AI ndi yomwe yawerengera", anthu adzayamba kunong'onezana. Igwiritseni ntchito polemba uthenga waulemu wokumbutsa obweza mochedwa, pokonza malamulo a gulu kuti amveke bwino, kapena pokonzekera kufotokozera membala watsopano chifukwa chake wokongola K50,000 pa chiwongoladzanja cha 20 pa 100 amabweza K60,000. Nthawi yogawana ikayandikira mukhoza kuyeserera nayo kunyumba, n'kuiuza kuti ionetse sitepe iliyonse ya kawerengedwe, koma masamu enieni achitike pagulu, anthu awiri kapena atatu ali ndi makakyuleta. Mayina a mamembala ndi ngongole zawo musawalowetse m'menemo. Lembani zilembo zoyamba kapena manambala.

Ndanena za mayina chifukwa chilichonse chomwe mwalembera AI chimachoka m'foni mwanu kupita ku makompyuta a kampaniyo kunja kwa dziko lino, ndipo chingasungidwe. Pa WhatsApp, mauthenga a inu ndi mwana wanu ndi otsekedwa moti kampani siingawawerenge, koma zomwe mwalembera Meta AI zimafika kwa Meta. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, lomwe bungwe la MACRA limayang'anira, komabe chitetezo chachangu n'choti chinsinsi chisatuluke n'komwe. Buku la kuchipatala la mayi musalijambule lonse. Muli dzina, mudzi ndi matenda omwe mwina iwo safuna kuti adziwike. Chiphaso cha unzika chimodzimodzi. Mu ChatGPT muli malo ozimitsa kuti zokambirana zanu zisagwiritsidwe ntchito pophunzitsira makinawo. Mwana wanu akuthandizeni kuzimitsa.

Za chilankhulo musade nazo nkhawa kwambiri, koma dziwani malire. Siri ndi Google Assistant samva Chichewa. ChatGPT, Gemini ndi zina zotere mukazilembera m'Chichewa zimayankha, ndipo zikunka zikusintha, koma Chichewa chake nthawi zina chimakhala chopotoka, mawu ena ongopeka, chifukwa zolembedwa m'chilankhulo chathu zomwe zinaphunzirapo n'zochepa poyerekeza ndi za Chingerezi. Google Translate nayo ili ndi Chichewa kuyambira 2014, ndipo imathandiza pa ziganizo zosavuta. Lembani ziganizo zifupizifupi, miyambi ndi zining'a muzisiye, ndipo musaope kusakaniza ndi Chingerezi chomwe mukudziwacho. Ikayankha zosamveka, iuzeni kuti ibwereze m'mawu osavuta. Siitopa ndipo siikusekani. Kulemba kumadyanso bandulo yochepa kusiyana ndi kulankhula nayo kapena kutumiza zithunzi.

Chitsanzo chomwe chimandilimbitsa mtima ndi cha Ulangizi, pulogalamu ya pa WhatsApp yomwe bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa kwa alimi a kuno mu 2024. Imayankha m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo mlimi angathe kutumiza chithunzi cha mbewu yodwala. Chomwe anachita mwanzeru n'choti anaimangirira ku buku la malangizo a ulimi la boma, kuti isamangotola za kulikonse, ndipo m'midzi yambiri amene amagwira foniyo ndi mlangizi wophunzitsidwa amene amakhala pakati pa makinawo ndi mlimi. Kuimangira mpanda chonchi, n'kuikapo munthu woyang'anira, ndi momwe inunso muyenera kuchitira pakhomo panu.

Tifike pa kulipira mabilu. Apa ndikuti ayi, ndipo mwana wanu mumuuze kuti ndatero ine. Mapulogalamu ochita zinthu pawokhawa akadali atsopano, ndipo makampani omwe amawapanga amachenjeza okha za vuto lina lalikulu: wakuba angathe kubisa malamulo m'tsamba la pa intaneti kapena mu uthenga, pulogalamuyo powerenga n'kuwatenga ngati achokera kwa inu, n'kuchita zomwe simunaitume. Kuonjezera apo, malipiro athu ambiri amayenda pa *211# ya Airtel Money, *444# ya TNM Mpamba kapena *626# ya National Bank, ndipo kugula mayunitsi a ESCOM kapena kulipira madzi m'njira imeneyi sikutenga mphindi zambiri. Phindu lomwe mungapeze posiyira makina n'lochepa kwambiri poyerekeza ndi zomwe mungataye. AI ikukumbutseni kuti lero n'tsiku lolipira, chala chodina nambala yachinsinsi chikhale chanu.

Nambala yachinsinsiyo musailembe mu ChatGPT, mu Meta AI, kapena mu pulogalamu iliyonse yomwe si ya kampani ya foni kapena banki yanu. Aliyense wokuimbirani kuti ali ndi AI yochulukitsa ndalama, kapena yoti ikutetezereni akaunti mukangomuuza nambala yomwe yabwera pa uthenga, ndi mbava. Ogwira ntchito enieni a banki ndi a makampani a mafoni safunsa nambala imeneyi. Pa Play Store, pomwe timatengapo mapulogalamu oika m'foni, palinso mapulogalamu ambiri ovala dzina ndi chizindikiro chofanana ndi ChatGPT, ena ongofuna kukudulani ndalama mwezi ndi mwezi. Yeniyeni imalembedwa kuti wopanga ndi OpenAI, ndipo pa zomwe mukufuna inuzi yaulere ikukwanirani.

Pali chinanso chomwe chimakhudza mabanja omwe ali ndi ana kunja ngati lanu. Masiku ano makina angathe kutengera mawu a munthu kuchokera pa kachidutswa kochepa ka zomwe analankhula, n'kupanga uthenga womveka ngati iye. Tsiku lina mungalandire mawu a "mwana wanu" akulira kuti wamangidwa kapena wachita ngozi, tumizani ndalama pa nambala iyi msanga. Gwirizanani lero lomwe liwu lachinsinsi la pabanja, loti wina aliyense sangalidziwe, monga dzina lomwe agogo ake ankamutchula ali wakhanda. Uthenga wotere ukabwera, dulani, muimbireni pa nambala yomwe mukuidziwa, funsani liwulo. Akuba amadalira kukufulumizitsani, ndiye wokukakamizani kuti mutumize pompano ndi amene muyenera kumukayikira kwambiri. Zikachitika kuti ndalama zapita, musachite manyazi n'kukhala chete. Imbirani kapena pitani ku ofesi ya kampani ya foni kapena banki yanu tsiku lomwelo, sinthani nambala yachinsinsi, kanenenso kupolisi, ndipo mauthenga onse musafufute chifukwa ndiwo umboni.

Poyamba musathamange ndi zonse. Sabata yoyamba ikani ma alamu ndi kalendala zokha, muone ngati mapiritsi ndi magetsi zakhazikika. Zikatero yesani tsamba limodzi la buku la okala, la makasitomala omwe ngongole zawo mukuzidziwa pamtima, kuti muone nokha pomwe imakhoza ndi pomwe imaphonya. Mukakakamira, pezani wachinyamata wokhulupirika wa pabanja kapena wa ku tchalitchi akhale nanu pansi, koma foni ikhale m'manja mwanu, iye azingolozera. Wophunzira mwa kuonerera mnzake akudina amaiwala pofika mawa.

Ndipo Mayi, tsiku lomwe mukuperekeza mayi anu ku kiliniki, nanunso mukayezetse BP ndi shuga. Matenda awiriwa amayenda m'banja, ndipo amayamba mosaonetsa zizindikiro. Mukaona kuti kuiwalako kukukula ngakhale ma alamu alipo, tulo sitikubwera, kapena mutu ukupweteka kawirikawiri, auzeni achipatala zimenezo momwe zilili, ndipo abale anu muwaitanitse mugawane masiku osamalira mayi.